Canada Itagwa M'chikondi ndi Kugula

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha mu 1945, anthu a ku Canada anali ndi ndalama zomwe anasunga pa nthawi imene katundu ankasowa m'masitolo. Mafuta atapezeka ku Leduc mu 1947, ntchito zinachuluka. Mabanja anasamukira m'nyumba zatsopano kunja kwa mizinda, monga ku Don Mills ku Toronto, komwe popanda galimoto zinthu sizinkayenda. Wailesi yakanema ya CBC itayamba mu 1952, otsatsa malonda analowa mpaka pabalaza: firiji, makina ochapira, zambiri zolipira pang'onopang'ono. Moyo unafewadi, koma katundu ndiye anayamba kupatsa munthu ulemu. Malipiro anakwera, ngongole za mabanja nazo zinakwera.