Mawu a Mkonzi: Fumbi la mwala silituluka m'mapapo

Mphepo ya Ogasiti ikayamba, wotsika galimoto kuchokera ku Chadiza kapena ku Vubwi amadziwika ndi nsidze zofiira. Timaseka, n'kusasa malaya, tikumati mvula ikadzagwa zidzatha. Fumbi la mumsewu lidzathadi, koma lilipo lina limene mvula singalitsuke.

Taimani pamene amayi amaphwanya miyala m'mbali mwa msewu. Mayi wakhala pansi, nyundo m'manja, mwana kumsana. Nyundo ikagunda, kafumbi koyera kamadutsa pamphuno za onse awiri. Fumbi lokhuthala thupi limalibweza poyetsemula ndi pokhosomola. Koma la silika, lochokera m'mwala, ndi losalala kwambiri moti limatsika mpaka mkati mwa mapapo n'kukhazikika. Kumeneko limasiya zipsera, mapapo amauma, ndipo pakapita zaka munthu amayamba kubanika pokwera ngakhale kachitunda. Matendawa, silicosis, alibe mankhwala ochiza, ndiponso amatsegulira khomo chifuwa chachikulu cha TB. Okumba golide ku Petauke ndi miyala ya mtengo wapatali ku Lundazi nawonso akupuma fumbi lomweli.

Wokayika za kuopsa kwa fumbi la m'migodi afunse a ku Kabwe. Mgodi wa mtovu wa kumeneko unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero fumbi lake likulowabe m'magazi a ana.

Sitikudzudzula amayiwa. Miyala ndiyo ikugula ufa ndi sopo pakhomo. Funso lathu likupita kwa makhonsolo, aphungu ndi bungwe la ZEMA, limene lamulo la 2011 linalipatsa udindo woteteza mpweya umene timapuma. Ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, zafika mamiliyoni ambiri. Kodi mjigo umodzi pamalo ophwanyira miyala ungalepheretse chitukuko? Mwala wonyowa sufuka. Wopatsidwa ntchito yokonza msewu athire madzi pamene akudutsa pamsika ndi pasukulu. Ophwanya miyala apatsidwe mamasiki enieni, chifukwa chitenje chomanga pamphuno fumbi losalala limachidutsa. Ana asiyidwe patali, kumene mphepo ikuchokera.

Nanunso owerenga, chifuwa chikatha milungu iwiri musamangoti n'chimfine cha fumbi. Pitani kuchipatala akayeze makhololo. Mankhwala a TB ndi aulere m'zipatala za boma.

Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka. Mapapo nawonso akawonongeka sabwerera. Pa ziwirizi, tiyeni titaye madzi.