Msana Wopweteka pa Mpando wa Lole

M'midzi ya kuno kum'mawa muli amuna ambiri amene msana unawalanda khasu asanakalambe. Ena anagwa pa ngolo, ena anapwetekeka ponyamula matumba a feteleza, ndipo ena anabwera nao msana wotere pocokera ku migodi. Mwamuna wotere akakhala pa khonde napenya malole akulu-akulu alikupita pa mseu wa Great East, amayamba kuganiza kuti nchito yomuyenera ndi imeneyo, popeza dalaivala salima ndipo sasenza kanthu, koma amangokhala pa mpando.

Mmodzi wa amuna otere, wa ku dera la Katete, anapita kwa amalume ake kukapempha cilolezo cakuti agulitse ng'ombe ziwiri za pa goli, kuti apeze ndalama zolipira sukulu yoyendetsa malole. Mkuluyo sanakane, ndiponso sanabvomere. Anangoti, "Mphwanga, uyambe wakwera lole kufika ku Lusaka ndi kubwerako, ukhale pa mpando monga akhalira mwini wake. Ukabwera udzandiuze za msanawo, ndipo pamenepo tidzakamba za ng'ombe."

Mkuluyo sanaphunzire za mankhwala, komabe anafunsa cinthu cimene dokotala akadafunsa. Msana wa munthu ndi mafupa aang'ono osanjikizana, ndipo mafupa 5 a m'ciuno ndiwo asenza kulemera kwa thupi la kumtunda. Pakati pa fupa ndi fupa linzake pali kanthu kofewa kamene kagwira nchito monga nkhata pamutu pa mai wosenza mtsuko. Munthu akakhala nthawi yaitali, makamaka cowerama, tinkhata timeneti timapsinjika. Ndipo ngati mpandowo ulikugwedezeka kosaleka, monga ucitira mpando wa lole, kupsinjikako kumakula. Kankhata kamene kanapwetekeka kale kakhoza kutumphukira kumbali ndi kutsina mtsempha wotsikira ku mwendo. Apo m'pamene ululu umayenda kucokera m'ciuno kufika ku phazi, mwendo ucita dzanzi, ndipo nthawi zina phazi limafoka.

Tsono mwendo umenewo ndiwo uponda buleki kapena kilachi. Kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka ndi makilomita pafupi-fupi 570, ndipo lole yolemedwa imatha tsiku lathunthu pa ulendowo. Pakati pake pali zitunda ndi makona a ku Luangwa ndi ku Manenekela, kumene dalaivala wa katundu wa matani 30 alibe mpata wodikira kuti dzanzi lithe. Phazi likacedwa pang'ono pamenepo, tsoka silikhala la iye yekha, koma la onse amene ali mu basi yobwera kutsogolo.

Ulemu umene anthu amapatsa oyendetsa malole m'dziko muno uli ndi mbiri yake. Azungu a ku Rhodesia atadzilengeza okha ufulu mu November 1965, mafuta a galimoto analeka kubwera kudzera kumwera, ndipo anayamba kutengedwa m'migolo pa malole kucokera ku Dar es Salaam, kudzera ku Tunduma ndi ku Mpika. Mseuwo unalibe tara, ndipo unali woipa kotero kuti unachedwa Hell Run. Amuna ambiri anafera m'njira imeneyo paipi ya mafuta ya TAZAMA isanatsegulidwe mu 1968. Lero miseu yaikulu ili ndi tara, ndipo malole atsopano ali ndi mipando yokhala pa mpweya imene imacepetsa kugwedezeka. Koma dalaivala wongoyamba kumene sapatsidwa lole yatsopano. Kawiri-kawiri amayambira pa yakale, ya mpando wouma, ndiponso pa miseu ya maenje imene anzake akale amaikana.

Cina cimene munthu wa pa khonde sapenya ndi nchito ya pansi. Katundu afunika kufundikidwa ndi tenti yolemera, zingwe ndi maunyolo zifunika kukokedwa mwamphamvu, ndipo pa ulendo zifunika kumangidwanso. Tayala likaphulika pakati pa thengo, gudumu lake limalemera kuposa thumba la cimanga la makilogalamu 50, ndipo si malole onse amene amayenda ndi mnyamata wothandiza. Oyenda maulendo a kunja amakhala masiku pa mzere pa malire, monga pa Kasumbalesa kapena pa Nakonde, alikugona m'kabedi kopapatiza kuseri kwa mpando. Amene amati kuyendetsa lole ndi kupumula sanaonepo dalaivala alikutsika m'mamawa atagwira m'ciuno.

Palinso nkhani ya mankhwala. Munthu wa msana amazolowera kumeza mapilisi, ndipo ena mwa iwo, monga tramadol ndi codeine, amabweretsa tulo ndi cizwezwe. Mapilisi amene amgonetsa bwino kumudzi ndi omwewo amene akhoza kumgonetsa pa ciwongolero. Bungwe la RTSA, limene limapereka malaisensi, limafuna kalata ya dokotala kwa wopempha laisensi ya galimoto yaikulu. Ena amaiyesa kalatayo cipupa cofunika kulumpha, nabisa matenda ao popimidwa. Kutero ndi kudzinyenga, cifukwa mseu udzaulula cimene anabisira dokotala, ndipo udzaulula ng'ombe zitagulitsidwa kale.

Izi sizitanthauza kuti aliyense amene anamvapo msana atsekeredwe kunja. Ululu wambiri wa msana umacepa patapita masabata owerengeka, makamaka ngati munthu sagona pa mphasa tsiku lonse koma ayenda-yenda ndi kucita masewera olimbitsa m'ciuno amene a cipatala amaphunzitsa. Alipo madalaivala amene agwira nchito zaka zambiri ndi msana wakale, cifukwa anadziwa malire ao. Iwo amaima pakapita maola awiri kuti atambasule thupi, amaika thaulo lopinda kumbuyo kwa ciuno, amacotsa cikwama m'thumba la kumbuyo asanakhale, ndipo potsika salumpha koma amatsika cafutambuyo atagwiritsa ndi manja onse awiri. Ambiri a iwo anasankha maulendo aafupi a m'boma lao, kumene munthu amagona pa bedi lake usiku uliwonse, ngakhale kuti malipiro ake ndi ocepa poyerekeza ndi a ku Beira kapena a ku Durban.

Kusiyanitsa msana umene ungapirire ndi umene sungathe ndi nchito ya cipatala, monga ca St Francis ku Katete kapena cacikulu ca ku Chipata. Pali zizindikilo zimene siziyenera kudikira ngakhale tsiku limodzi: phazi likayamba kukwakwaza pansi, dzanzi likafika pakati pa miyendo, kapena munthu akalephera kugwira mkodzo kapena cimbudzi. Ululu wa msana wobwera ndi kuonda ndiponso thukuta la usiku ukhoza kukhala cifuwa ca TB cimene calowa m'mafupa, ndipo cimeneco cili ndi mankhwala ake. Amene anapwetekeka ali pa nchito yolembedwa ayenera kufunsanso ku Workers' Compensation Fund Control Board za cipukuta-misozi cake, asanakhudze khola.

Mwamuna wa ku Katete uja anamvera amalume ake, nakwera lole ya mnzake yonyamula nshawa. Pofika ku Nyimba mwendo wa kumanja unali utacita dzanzi, ndipo pa mlatho wa Luangwa anatsika mothandizidwa. Pobwerera anakwera basi. Kucipatala anamuuza kuti acite masewera a msana kwa miyezi itatu ndi kubweranso kudzapimidwa, ndipo za laisensi adzakambirana pamenepo. Ng'ombe zija zinalima munda caka cimeneco, mwana wake wamkulu atagwira pulawo.