Mbava ija idasanduka katswiri wa zisudzo

Anzanga a mumsika, mukagwira mbava pa benchi musamathamangire tayala ndi petulo. Tamvani za Jack Charles wa ku Australia.

Mkuluyu adabadwa mu 1943. Ali khanda, boma lidamulanda kwa mayi ake, monga linkachitira ndi ana ambiri a eni nthaka, ma Aborigine. Adakulira kumalo osungirako ana, komwe adamuzunza kwabasi. Mu 1971 iye ndi Bob Maza adayambitsa gulu la zisudzo la Nindethana ku Melbourne. Koma heroin idamulowerera. Usiku ankathyola nyumba za mpondamatiki, ati akutolera lendi ya dziko la makolo ake. Izi zokha musatengere, ndende adailowa ka 22!

Atasiya mankhwalawo, mu 2010 adakwera pa siteji ndi sewero la moyo wake, Jack Charles v The Crown, lomwe adalemba ndi John Romeril. Anthu adakhamukirako. Komabe mu 2015, atangolandira mphotho yaulemu, wa takisi adamuuza kuti ayambe walipira asadakwere. Nkhalamba ya imvi mbuu, tangoganizani. Adamwalira mu 2022.