Kuchotsa madontho si kuyeretsa khungu

M'magolosale ndi pa mabenchi a m'misika mwadzaza timabotolo ta mafuta odzola kumaso otchedwa seramu. Tonse tikulonjeza kuchotsa madontho akuda ndi kuwalitsa khungu, koma zam'kati mwake n'zosiyana kwambiri.

Gulu loyamba ndi la seramu wokhala ndi vitamin C, niacinamide kapena azelaic acid. Ameneyu amazimiriritsa madontho osiyidwa ndi ziphuphu kapena dzuwa, koma pang'onopang'ono. Pamapita miyezi iwiri kapena itatu kusintha kusanaoneke bwino. Khungu limasalala koma mtundu wake umakhala womwewo. Retinol nayenso amathandiza, kungoti amayi oyembekezera sayenera kudzola.

Gulu lachiwiri ndi la mafuta othiridwa hydroquinone, mercury kapena mankhwala a steroid monga clobetasol. Awa ndiwo amayeretsa munthu m'masabata ochepa, ndipo apa mpomwe akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Steroid amapyapyalitsa khungu n'kubweretsa mizere ndi ziphuphu. Hydroquinone akadzoledwa nthawi yaitali amadetsa masaya kuposa poyamba, ndipo kudako n'kovuta kuchiza. Mercury amaononga impso ndi ubongo, ndipo amafika ngakhale kwa mwana yemwe ali m'mimba.

N'chifukwa chake dziko la South Africa lidaletsa hydroquinone m'zodzola mu 1990. Nawo maiko omwe ali m'pangano la Minamata adagwirizana mu 2023 kuti zodzola zothiridwa mercury zisiye kupangidwa pofika 2025.

Vuto ndi lakuti opanga mafuta oopsawa nthawi zambiri salemba zomwe athiramo. Choncho botolo lopanda dzina la kampani, mndandanda wa zosakaniza ndi tsiku lotha mphamvu, kapena mafuta osakanizidwa ndi wogulitsa, n'zofunika kuzisiya pomwepo. Wofuna kuthana ndi madontho ayambe wafunsa kuchipatala kapena kufamase, ndipo adziteteze ku dzuwa ndi chipewa, ambulera kapena mafuta a SPF 30, poti dzuwa limabwezeretsa madontho.

A Malawi Bureau of Standards ndi a Pharmacy and Medicines Regulatory Authority asamangoyendera masitolo a ku Blantyre ndi Lilongwe. Ku Lunzu, Balaka ndi Mponela nakonso kuli ogula.

Koma udindo waukulu uli pakhomo. Mwana wamkazi akamakula akumva kuti wokongola ndi woyera yekha, adzakafuna kuyerako kumsika. Makolo amuuze akadali wamng'ono kuti khungu lakuda si matenda ofuna mankhwala.