Chotsani "Cleaner" ija, foni yanu ili kale ndi kapitawo

Tchuthi chathachi muphwa wanga wa Fomu 3 anandibweretsera foni yake. "Amalume, ikuchedwa kwambiri, mwina ili ndi vairasi." Nditaitsegula ndinapeza ma app atatu oti amayeretsa foni. Ina ikuonetsa tsache likusesa, ina roketi ikuuluka, kenako mawu akuluakulu oti foni tsopano yathamanga. Onse atatu anali otsegula nthawi imodzi, onse akuonetsa malonda, onse akudya bando yake. Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu mafoni anu ali chimodzimodzi, ndiye tiyeni tikambirane. Maganizo anga ndi akuti ma app amenewa achotsedwe basi, ndipo chifukwa chake chili mu operating system, ija timangoitchula kuti OS.

OS ndi pulogalamu yaikulu imene imayamba kudzuka mukayatsa foni kapena kompyuta. Android, Windows, iOS ndi Linux onsewa ndi ma OS. App siilamula yokha purosesa, kamera kapena sipika. Imapempha, ndipo OS ndiyo imaloleza kapena kukana.

Taganizirani mjigo umodzi ndi zidebe makumi asanu pamzere. Mjigowo ndi purosesa, zidebezo ndi ma app. Kapitawo wa pamjigo akanati aliyense adzazitse chidebe kaye, ena akanadikira mpaka dzuwa kulowa. M'malo mwake amapatsa aliyense kapu imodzi, n'kuitana wina, n'kuitananso wina, kuzungulira choncho. OS imachita zomwezo, koma gawo la aliyense ndi ma millisecond ochepa chabe. Purosesa ya 2 GHz imagunda ka 2 biliyoni pa sekondi imodzi, choncho pa millisecond imodzi yokha yagunda kale ka 2 miliyoni. N'chifukwa chake nyimbo zikulira, WhatsApp ikulandira uthenga, inu mukulemba, ndipo mukuona ngati zonse zikuchitika pamodzi. Mafoni a masiku ano ali ndi mijigo ingapo, 4 kapena 8, ija amati ma core, koma zidebe zimachulukabe kuposa mijigo.

Tsopano pa RAM, pomwe pali bodza lenileni. RAM ili ngati desiki yanu, pamene storage ili ngati sutikesi ya pansi pa bedi ku hostelo. Buku limene lili padesiki mumangolitsegula. Limene lili musutikesi muyenera kunyamuka kukalitenga. Android imasiya dala ma app amene mwangowagwiritsa ntchito padesikipo, ali phee, kuti mukawafunanso atseguke msanga. Malo akayamba kuchepa, iyo yokha imachotsa app imene simunaigwire kwa nthawi yaitali. Ndiye mukaona kuti RAM yatsala pang'ono, musachite mantha. Desiki yopanda kanthu siithandiza munthu amene akuwerenga.

Nanga "Cleaner" imatani? Imasesa mabuku onse padesiki kuwabwezera musutikesi, n'kukuonetsani roketi. Mphindi yomweyo mukufuna Facebook, foni iyenera kukaitenganso, ndipo ma app ena amadzitsegulanso okha. Apa ndi physics yathu ija: energy ndi power kuchulukitsa ndi nthawi. Batire ya 4000 mAh pa 3.8 V imasunga pafupifupi 15 Wh, omwe ndi ma joule pafupifupi 55,000. Ndi zomwezo basi mpaka mutapeza potchaja, ndipo mukudziwa nokha momwe magetsi athu amachitira. Kutsegula app kuyambira pachiyambi kumagwiritsa purosesa ntchito yambiri kusiyana ndi kuidzutsa pomwe inagona mu RAM. Mukuwononga ma joule kuti mubwerere pomwe munali kale.

Musangomvera ine ndekha. Mu Android 14, imene inatuluka mu 2023, Google inatseka njira imene app imagwiritsa ntchito pozimitsa ma app anzake ogona kumbuyo. Tsopano app ikhoza kuzimitsa zake zokha. Choncho pa foni yatsopano tsache lija likungosesa pa skirini.

Wina anena kuti, "Koma aphunzitsi, foni yanga imachedwadi." Zoona, sindikukana. Foni ya RAM ya 1 GB kapena 2 GB desiki yake ndi yaing'ono, ndipo palibe app imene ingaikulitse. Chimene chimathandiza ndi ma app opepuka ngati Facebook Lite. Vuto lina ndi sutikesi yodzadza mpaka pakamwa: storage ikatsala pang'ono kwambiri, foni imavutika kulembamo zatsopano. Apa kuyeretsa n'kofunikadi, koma mukhoza kuchita nokha mu Settings, pa Storage. Kawirikawiri wolakwa ndi mavidiyo a m'magulu a WhatsApp, amene munaseka kamodzi miyezi isanu yapitayo.

Chimene chimandidetsa nkhawa kuposa batire ndi zilolezo. Ntchito ina ya OS ndi kulondera, kuti app ina isasuzumire m'zinthu za inzake. Kuyambira pa Android 6.0 mu 2015, foni imakufunsani app isanagwire kamera, manambala a anthu kapena ma SMS anu. Kapitawo wafunsa, inu mwadina "Allow" osawerenga, ndiye mwatsegula chitseko nokha. App yosesa ikufuniranji kuwerenga ma SMS? Ambiri mumagwiritsa ntchito foni ya amayi kapena ya abambo, ndipo m'ma SMS amenewo ndi momwe mumafikira mauthenga a Mpamba ndi Airtel Money, ngakhalenso manambala achinsinsi olowera ku WhatsApp. Ndalama ya fizi imadutsa pomwepo.

Mtima wa Android, uja amati kernel, ndi Linux. Anauyamba Linus Torvalds mu 1991 ali wophunzira wa zaka 21 pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, ndipo kuyambira pamenepo akatswiri zikwizikwi akhala akukonza momwe umagawira purosesa ndi RAM. Ine ndingakhulupirire amenewo kusiyana ndi app imene sindikudziwa n'komwe anailemba ndani.

Foni ya muphwa wanga tinachotsamo ma app atatu aja, tinafufuta mavidiyo, n'kuizimitsa ndi kuiyatsanso. Siinasanduke yatsopano ayi, koma WhatsApp inayamba kutseguka osamudikiritsa. Madzulo ano lowani mu Settings, pezani Permission manager, dinani pa SMS, muwerenge mayina a ma app amene munawalola.