Wachibale anamwalira pa opaleshoni? Uzani dokotala musanagonetsedwe

Ngati mumakhala ku Mitundu kapena ku Nathenje, tsiku lina mungadzapezeke mukudikira opaleshoni ku Nkhoma, ku Bwaila kapena ku Kamuzu Central. Wogonetsa odwala akadzakufunsani ngati kumtundu kwanu wina anamwalira atagonetsedwa, musadzayankhe mothamanga. Funsoli likukhudza vuto lotchedwa malignant hyperthermia.

Kuti mnofu ukokeke, maselo ake amatulutsa kashiamu kudzera pa kakhomo kotchedwa RYR1, kenako kakhomoko kamatseka ndipo mnofu umamasuka. Anthu ena amabadwa kakhomoka kali kosalimba. Amalima, kupalasa njinga ndi kusenza matumba a chimanga bwinobwino, osadziwa kanthu. Koma akapuma mpweya wogonetsa monga halothane, kapena akabayidwa suxamethonium, kakhomoko kamatseguka osatsekanso. Kashiamu amasefukira, minofu imauma gwa, nsagwada zimakana kutseguka, mtima umathamanga. Minofu ikamagwira ntchito mosapuma chonchi imatulutsa kutentha, ndipo thupi limatha kupitirira madigiri 40. Kutenthako kumabwera mochedwa. Minofu ikayamba kuwonongeka, mkodzo umada bii ndipo impso zimakhala pa chiopsezo.

Nkhaniyi ndi ya lero chifukwa halothane, yemwe zipatala za kuno zamudalira kwa zaka zambiri, akusiyidwa m'maiko ambiri. Mu 2023 bungwe la WHO linaika sevoflurane pa mndandanda wa mankhwala ofunikira. Koma musanyengeke: sevoflurane ndi isoflurane nawonso amadzutsa vutoli.

Vutoli linadziwika mu 1960 ku Melbourne, Australia, pamene mnyamata wothyoka mwendo anaopa kugonetsedwa chifukwa abale ake khumi anafera pa opaleshoni. Dokotala Michael Denborough atafufuza anapeza kuti ndi zoyenda m'magazi: kholo likakhala nalo, mwana aliyense akhoza kutengera, theka ndi theka. Mu 1975 Gaisford Harrison wa ku Cape Town anaonetsa pa nkhumba kuti dantrolene amaletsa kusefukira kwa kashiamuko. Mankhwalawa ndi okwera mtengo ndipo sapezeka wamba m'zipatala zambiri za mu Africa, nchifukwa chake kuno mawu anu ndi amene angakutetezeni msanga.

Vutoli ndi losowa, choncho musathawe opaleshoni. Mayi amene mwana wakhala mopingasa akazengereza, ngozi yake imaposa iyi kutalitali. Jakisoni wa pamsana amene amayi ambiri amabayidwa pobereka mwa opaleshoni sadzutsa vutoli, chimodzimodzinso ketamine ndi propofol.

Kumudzi imfa yotere timangoti "sanadzuke", ena nkumalozana zala za ufiti. Funsani agogo ndi amalume zimene zinachitikadi, makamaka ngati malemuwo anatentha thupi kwambiri kapena kuuma ali m'chipinda cha opaleshoni. Ngakhale munagonetsedwapo kale popanda vuto, nenanibe, chifukwa sikuti limaonekera nthawi yoyamba. Pemphani kuti azilembe m'buku lanu la kuchipatala, ndipo ngati muli oyembekezera, zitchuleni ku sikelo tsiku lisanafike.