KATEMERA SANATIPHE, KOMA MKONO UNAPWETEKA

Abale ndi alongo a ku Migodi, kodi mukumbukira mau aja anamveka pa msika wa Chisokone ku Kitwe ndi pa Masala ku Ndola m'caka ca 2021? Anati yense wolasidwa katemera wa kolona adzafa zaka ziwiri zisanathe. Anati supuni idzamamatira pa mkono. Anati akazi sadzabalanso. Zaka ziwirizo zinatha kale. Ife tinalasidwa ndipo tiri pano, ndi ana obadwa pambuyo pace athamanga lero m'misewu ya ku Chimwemwe ndi ku Chifubu. Olosera aja sanabwere kudzapepesa ai.

Koma sitilemba kuti tiseke anzathu amene anaopa. Ife tinagwirako nchito ya ukalaliki pa mgodi, ndipo buku limene tinasunga linali la ngozi. Munthu akadulidwa cala, tinalemba. Mwala ukagwa osapweteka munthu, tinalembanso. Cimene tinaona ndi ici: anthu atsika pansi mtima uli m'malo pamene ngozi zilembedwa poyera. Mukayamba kubisa, mphekesera zifika pansi msanga kuposa keji.

Ndi mmene zinacitikira ndi katemera. Pa 12 April 2021 unafika mtokoma woyamba m'Zambia, AstraZeneca wokwanira 228,000 wocokera ku COVAX, ndipo pa 14 April Nduna ya Zaumoyo, Dr Jonas Chanda, analasidwa pamaso pa anthu ku UTH ku Lusaka. Ambiri otilimbikitsa m'makomboni anangoti ngwabwino, ngwabwino, basi. Munthu napita kwace, usiku thupi kutentha, kunjenjemera monga wa malungo, nati andinyenga! M'mawa komboni yonse yamva.

Tsono tinene zimene zinayenera kunenedwa. Katemera apweteketsa mkono. Mutu uwawa, thupi lilema, mfundo ziphwanya, ena atentha thupi, ena aturuka mwanabere m'khwapa. Zambiri mwa izi zitha pa tsiku limodzi kufikira masiku atatu. Madzi, kupumula ndi Panado zikwanira. Ndi thupi lirikuphunzira kumenyana ndi mdani asanafike. Akazi ena anaona kumwezi kwacedwa pang'ono, pambuyo pace kunabwerera mwakale. Ifenso tinagona tsiku lathunthu, mkono osakwezeka.

Ziripo zina zoopsa, ndipo wobisa zimenezi sali bwenzi lathu. Anthu owerengeka thupi lao likana mankhwala nthawi yomweyo, nabanika. Ndico cifukwa anesi anatikhazika pa benci mphindi 15 kapena 30. Sanafune kuticedwetsa cabe. AstraZeneca ndi Johnson & Johnson, mwa kamodzikamodzi ndithu, aundanitsa magazi m'mitsempha: mutu wosaleka, m'mimba mopweteka kwambiri, mwendo wotupa kapena befu, kuyambira tsiku lacinai kufikira ngati mwezi umodzi. Ku Ulaya ndi ku America ena anafa nazo. Pfizer ndi Moderna nthawi zina atupitsa mnofu wa mtima, makamaka kwa anyamata atalandira jekeseni yaciwiri. Pacifuwa papweteka, koma ambiri anacira.

Kodi anazipeza izi ndani? Wa pa msika? Wa pa WhatsApp? Iai! Anazipeza madotolo osunga buku lao la ngozi, caka comweco ca 2021, nazilengeza ku dziko lonse. Kuno kwathu bukulo lisungidwa ndi bungwe loyang'anira mankhwala la ZAMRA.

Tsopano ikani mbali inayo pa sikelo. M'miyezi ya June ndi July 2021 kolona wa Delta anadzaza zipatala za dziko lino, mpweya wa okosijeni nusowa, maliro nacuruka. Olembedwa m'mabuku a Boma kuti anafa ndi nthendayi apitirira 4,000. Katemera sanatseke nthenda konse, pakuti ambiri olasidwa anadwalabe pamene Omicron anafika kumapeto kwa 2021, koma anacepetsa kwambiri ofika pa bedi ndi kumanda. Cisoti ca pa mgodi siciletsa mwala kugwa, ndipo cilemera pamutu; koma tiuzeni mnyamata wanzeru amene atsika pansi wopanda ico.

Wina adzati, nanga mubwerezeranji nkhani yatha? Inde, pa 5 May 2023 bungwe la WHO linati kolona salinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, ndipo AstraZeneca anamcotsa pa malonda m'caka ca 2024. Koma mantha sanacoke nao. Tinawamva pamene ana analandira madontho a poliyo m'caka ca 2022, nthendayo itaoneka ku Lilongwe. Tinawamvanso pa katemera wa kolera mu January 2024, ndi pa uja woteteza asungwana ku khansa ya khomo la ciberekero. Mai wina kwathu anabisa mwana m'nyumba, nati a kolona abweranso ndi botolo lina. Mwanayo analakwanji?

Kwa inu anesi ndi madotolo athu tikuti: uzani mai aliyense kuti mwana angatenthe thupi usiku, ndipo mumuuze cizindikiro coti athamangire naco ku cipatala. Sadzathawa; athawa akadzidzimuka. Kwa inu abale tikuti: mukaona cacilendo mutalandira katemera aliyense, musakacinenere ku bawa kapena pa minibasi. Pitani ku kiliniki ya m'komboni mwanu ndi khadi lanu, nenani tsiku limene munalasidwa, ndipo muwapemphe alembe.